BWALO LA MITUNDU YONSE

Pamudzi pakabuka mlandu wa malire a munda, eni ace satola mikondo, koma amuka ku bwalo, mfumu niweruza, wolakwa nalipa. Kodi mitundu ya anthu siingathe kucita comweco, ndi kukhala pansi pa boma limodzi la dziko lonse lapansi? Tiyeni tione umo anayesera.

Itatha nkhondo yaikuru ya 1914 kufikira 1918, Woodrow Wilson, mtsogoleri wa America, anaumirira kuti pakhale bwalo lotere, ndipo m'caka ca 1920 linakhazikika League of Nations, limene linasonkhana ku Geneva. Koma aphungu a kwao kwa Wilson anakana kulowamo, poopa kuti alendo angawatume kunkhondo.

Ciyeso cacikuru cinadza mu October 1935, pamene Mussolini wa ku Italy anathira nkhondo Ethiopia, dziko limene linalowa m'bwalolo mu 1923. Bwalo linaweruza kuti Italy walakwa, niletsa malonda ena. Koma mafuta oyendetsa magalimoto ndi ndege za nkhondo silinawaletsa, ndipo ngalande ya Suez inakhala yotsegukira zombo za Italy. Pakuti Britain ndi France anafuna kusunga cibwenzi ndi Mussolini cifukwa ca kuopa Hitler. Mzinda wa Addis Ababa unagwa mu May 1936. Pa 30 June mfumu Haile Selassie inaimirira ku Geneva nidandaula, koma mwezi wotsatira anacotsa ngakhale cilango cacing'ono cija. Ethiopia anaomboledwa ndi nkhondo mu 1941, ndipo mwa asilikari aja munali ana a Nyasaland a K.A.R.

Mu 1945 maiko 51 anapangananso, nakhazika United Nations, m'mene lero muli maiko 193. Koma asanu, ndiwo America, Britain, France, Russia ndi China, anadzisungira mphamvu yakuti pa milandu ya nkhondo, mmodzi wa iwo akakana, ciweruzo cagwa.

Tsono copinga ndi ici: mtundu uli wonse ufuna bwalo loweruza mnzace, koma suvomera kuweruzidwa. Maiko aang'ono, amene anapeza ufulu movutika, aopanso kuti boma lalikurulo lingasanduke goli latsopano. Ndipo mantha ao sali acabe. Koma ciyembekezo ciripo, pakuti maiko pogwirizana anathetsa nthomba, nalalikira kutha kwace mu 1980. Cala cimodzi siciswa nsabwe.

Inu owerenga, musanadzudzule mafumu akutali, dzifunseni: bwalo la mpingo kapena la mudzi likakutsutsani, kodi mumagonja, kapena mumacoka monga anacoka Italy mu 1937?