Kuchokera ku Ndulu Yakuda Kufika pa Mzere wa ma ARV

Madokotala akale a ku Greece sankalekanitsa thupi ndi maganizo. Zaka pafupifupi 400 Yesu asanabadwe, Hippocrates ankaphunzitsa kuti munthu amene wakhalitsa ndi mantha komanso chisoni, osadya, osagona, ndiye kuti ndulu yakuda yamuchulukira m'thupi. Ndulu yakudayo kulibe, koma mfundo yaikulu anaigwira: kukhumudwa kotere ndi matenda, si ulesi kapena kuchepa mtima. M'zaka za m'ma 1600, Thomas Willis wa ku England, yemwe analemba za kutsekemera kwa mkodzo wa odwala shuga, ankaganiza kuti chisoni chokhalitsa n'chimodzi mwa zoyambitsa nthendayo.

Ntchito yogawa matenda a maganizo m'mitundu inakula m'zipatala za amisala ku Ulaya. Mu 1854 ku Paris, Jean-Pierre Falret ndi Jules Baillarger analongosola za odwala amene amamira m'chisoni kwa miyezi, kenako n'kudzambatuka ndi chimwemwe chopyola malire, osagona, kulankhula kosalekeza, kumwaza chuma. Awiriwa anakangana kwambiri kuti anayamba kuziona ndani. Patapita zaka zinayi, Louis-Victor Marcé anatulutsa buku lonena za amayi odwala maganizo ali oyembekezera kapena atangochira kumene. Emil Kraepelin wa ku Germany anadzaika ambiri mwa odwalawa m'gulu limodzi mu 1899, ndipo Karl Leonhard ndiye anawalekanitsanso mu 1957: ena amangotsika, ena amatsika n'kukwera. Kusiyanitsaku si nkhani ya m'mabuku chabe. Wodwala wotsika n'kukwera, amene masiku ano amati ali ndi bipolar, akapatsidwa mankhwala a kukhumudwa okhaokha akhoza kubalalika zedi. Iye amafunika mankhwala ena, monga lithium, amene John Cade anawayesa ku Australia mu 1949.

Mankhwala oyamba a kukhumudwa anatulukira m'wodi ya TB. Mu 1952, pachipatala cha Sea View ku New York, odwala chifuwa chachikulu anapatsidwa mankhwala atsopano otchedwa iproniazid. Anthu amene ankangogona kudikira imfa anayamba kupempha chakudya, kunenepa, ndipo nyuzipepala zinajambula ena akuvina m'makonde mapapo ali obowoka. Madokotala anadzazindikira kuti mankhwalawo akufika ku ubongo. Kenako kunabwera imipramine ku Switzerland mu 1957, ndipo zinaoneka kuti odwala ena amachira ndi awa, ena ndi awo. Pali wodwala amene amadzuka tambala asanalire, m'mawa ndiye mtima umalemera koposa, nsima saifuna, thupi limatha. Pali wina amene amagona mopitirira, amadya kwambiri, miyendo imalemera ngati yamangiriridwa miyala, koma akamva nkhani yabwino amamwetulirako. Wachiwiriyu ndi amene abale amamunena ulesi, chonsecho akudwala.

Mu 1980 buku la madokotala a ku America lotchedwa DSM-III linasonkhanitsa ambiri mwa odwalawa pansi pa dzina limodzi. Mlingo wake lero ndi zizindikiro 5 mwa 9, zokhala masabata awiri. Izi zinathandiza kuti dokotala wa ku Lusaka ndi wa ku London azimvana, koma ndikuona kuti zinakwiriranso kusiyana kofunika: anthu awiri atha kulembedwa matenda amodzi m'buku la kuchipatala pamene akufanana chizindikiro chimodzi chokha.

Ganizo la Willis lija linabwereranso ndi umboni. Mu 1993 ku Montreal, Nancy Frasure-Smith ndi anzake anapeza kuti odwala amene anakhumudwa mtima wawo utadwala mwadzidzidzi ankamwalira kwambiri m'miyezi isanu ndi umodzi yotsatira poyerekeza ndi anzawo. Kwa odwala shuga, chiopsezo chodwala kukhumudwa chimawirikiza pafupifupi kawiri. Matendawa amaitanana. Wodwala shuga kapena BP amatopa ndi mapiritsi, ndi kusala zakudya, ndi ndalama za thiransipoti. Akakhumudwa amadumpha mankhwala, ndipo nthenda ya m'thupi imakula. Koma si khalidwe lokha. Anthu ambiri amene ankabayidwa interferon, mankhwala otakasa chitetezo cha m'thupi, pochiza matenda a chiwindi a hepatitis C ankayamba kukhumudwa chithandizocho chili mkati, zomwe zinasonyeza kuti chitetezo cha m'thupi chikatakasika chimatha kusintha maganizo a munthu.

Kuno ku Africa tinachedwetsedwa ndi bodza. Mu 1953, J. C. Carothers, dokotala wa atsamunda ku Kenya, analemba m'buku lofalitsidwa ndi WHO kuti kukhumudwa n'kosowa pakati pa anthu akuda. Vuto linali makutu ake. Munthu wakwathu akafika kuchipatala sanena kuti wakhumudwa. Amati mutu ukutentha, mtima ukuthamanga, thupi lonse likuphwanya, tulo palibe, akuganiza kwambiri. Mpaka lero ambiri otere amabwerera kunyumba ndi panado. Ku Harare, Vikram Patel ndi anzake anamvetsera madandaulo otere m'zaka za m'ma 1990 n'kupanga mafunso a m'Chishona opezera matendawa. Ku Thyolo, kafukufuku wa Robert Stewart wa mu 2008 anapeza kuti ana a amayi ovutika maganizo ankatsalira pa msinkhu poyerekeza ndi anzawo.

Edzi ndiyo inatikakamiza kuona zonsezi pamodzi. Wokhumudwa amajomba tsiku lokatenga ma ARV, tizilombo n'kuchulukanso m'magazi. Mankhwala enanso anali ndi mbali yawo: efavirenz, amene ambiri ankamwa dolutegravir asanabwere, ankalotetsa ena maloto oipa ndi kuwasokoneza maganizo. Njira ya Friendship Bench, imene Dixon Chibanda anaiyambitsa ku Mbare mumzinda wa Harare, pomwe agogo ophunzitsidwa amakhala pabenchi ndi wodwala n'kumasula naye mavuto ake limodzilimodzi, yayesedwanso m'makiliniki a ma ARV ku Malawi. Benchi limathandiza ambiri. Koma mayi amene wangochira n'kuyamba kumva mawu omuuza kuti avulaze khanda lake, kapena mnyamata amene watha sabata osagona akugawa katundu wa m'nyumba, sayenera kudikira benchi. Ameneyo aonedwe ndi dokotala wa matenda a maganizo tsiku lomwelo.