Kuyang'anira ukhondo wa malonda opangira pakhomo kwa Mlolo

Kuyang'anira ukhondo wa malonda opangira pakhomo ndi ntchito yoonetsetsa kuti zakudya ndi zakumwa zomwe mabanja amakonzera kunyumba n'kukagulitsa sizikudwalitsa anthu. Kwa Mfumu Yaikulu Mlolo m'boma la Nsanje, kum'mawa kwa mtsinje wa Shire, malondawa ndi monga thobwa, mandasi, nsomba zowamba, mowa wamasese ndi kachasu. Ambiri mwa opanga ndi amayi, ndipo ndalama zake ndizo zimagula chakudya ndi zofunika za ana kusukulu.

Malamulo

Lamulo la zaumoyo la Public Health Act la 1948 limapatsa akuluakulu a zaumoyo mphamvu zoyendera malo okonzera chakudya ndi kulanda chakudya choonongeka. Bungwe la Malawi Bureau of Standards, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1972, limaona za ubwino wa katundu, koma ntchito yake imafika kwambiri kumafakitale ndi kwa opanga olembetsedwa. Wophika thobwa kuseri kwa nyumba nthawi zambiri sakhala m'kaundula aliyense.

Ogwira ntchitoyi

Pa chifukwa chimenechi, udindo waukulu umagwera alangizi a zaumoyo akumudzi, omwe ali pansi pa ofesi ya zaumoyo ya boma la Nsanje. Iwo amayendera makomo ndi misika, amaona ngati pali chimbudzi ndi posambira m'manja, amagawa kolorini wothira m'madzi, komanso amapereka malipoti a matenda kuchipatala. Mafumu ndi makomiti a zaumoyo a m'midzi amathandiza kuti malangizowo atsatidwe.

Vuto la madzi

Chiopsezo chachikulu chimachokera ku madzi. Derali lili pakati pa Shire ndi Ruo, ndipo limasefukira kawirikawiri, monga mu Januwale 2015 ku Makhanga komanso pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Zimbudzi zikagwa, zonyansa zimalowa m'zitsime ndi m'mijigo. Thobwa limaphikidwa pamoto, koma likasungunulidwa ndi madzi osathira mankhwala kapena kumwedwa m'makapu otsukidwa m'chidebe chimodzi, limatha kufalitsa kolera kwa ogula ambiri tsiku limodzi.

Nsanje ndi limodzi mwa maboma omwe adayamba kukhudzidwa ndi mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023, umene udadwalitsa anthu oposa 59,000 ndi kupha oposa 1,700 m'Malawi muno. Pa nthawi ya mliri, makhonsolo amatha kuletsa kugulitsa zakudya zophikaphika. Chiletso chotere chimachepetsa matenda, koma chimadulanso ndalama za mabanja omwe mbewu zawo zakokoloka kale.