Za Ulendo Wathu wa ku Likoma, ndi Mbiri ya Chilumbacho

Pa nyengo ino ya chikondwerero n'koyenera kuti tifunse za iwo amene anatitsogolera m'dziko muno. Chifukwa chake ena mwa ife tinanyamuka kuno ku Kanengo, tinasiya phokoso la mafakitale ndi fungo la fodya, ndipo tinatsikira ku Salima, ndi kutsata gombe kufikira ku Nkhata Bay. Kumeneko tinakwera Ilala, sitima yokalamba imene inayamba kuyenda pa nyanja yathu mu 1951, ndipo titapyola Chizumulu tinafika ku Likoma.

Chilumbachi n'chaching'ono ndithu, pakuti munthu wamphamvu akhoza kuchiyenda kuchokera ku nsonga ina kufikira ku inzake dzuwa lisanapendeke. Nthaka yake ndi ya miyala ndi mchenga. Malambe ndi mango ndiyo mitengo yake, ndipo chinangwa ndicho mbewu yopirira pamenepo. Pa magombe a Mbamba, Makulawe ndi Nkhwazi tinaona mabwato ali ndanda, usipa uli pa matandala, ndi amuna alikusoka chilimira m'mithunzi. Madzi ake ali mbee, kotero kuti poyang'ana m'matanthwe a pansi munthu apenya mbuna za maonekedwe osawerengeka. Usiku nyali za asodzi zichita ngati mudzi woyandama. Kum'mawa kuoneka mapiri a Mozambique, pafupi ndithu. Pamenepo tinafunsana: kodi anthu akale aja anafunanji pa malo ouma chotere?

Yankho lili m'mbiri ya masiku a nkhondo ndi ukapolo. Mishoni ya U.M.C.A. inabadwa ndi mau amene David Livingstone analankhula ku Cambridge mu 1857. Bishopu Charles Mackenzie anafika ku Magomero mu 1861, namwalira ndi malungo mu 1862. Ndipo posakhalitsa Mishoniyo inasamukira ku Zanzibar. Patapita zaka pafupifupi 20, William Percival Johnson ndi Charles Janson anafika ku gombe la kum'mawa kwa nyanja, koma Janson anamwalira pomwepo mu 1882. Masiku amenewo midzi ya m'gombelo inali m'mantha, popeza ankhondo a Magwangwara anali kutsika kumapiri kudzafunkha, ndipo zombo za Jumbe wa ku Nkhotakota zinali kuolotsa akapolo. Koma ankhondowo sanali anthu a mabwato. Chotero mu 1885, m'masiku a Bishopu Charles Smythies, Mishoni inakhazikika pa Likoma, polinga kuti madzi akhale linga lake. Ndipo m'chaka chomwecho sitima yaing'ono yotchedwa Charles Janson inaikidwa pa madzi.

Apa tiyenera kuzindikira nzeru ya ntchitoyo. Chilumba sichinali pobisala chabe, koma pochokera. Johnson, angakhale nthenda ya maso inamsiyira kupenya pang'ono pokha, anakhala m'sitima zaka zambiri, nayenda mudzi ndi mudzi, nasiya mphunzitsi apa ndi apo. Mnzake Chauncy Maples anasunga nyumba pa Likoma, pamene panali sukulu ndi makina osindikiza mabuku m'Chinyanja. Maples anadzozedwa ubishopu ku London mu 1895, koma sanafike pa mpando wake: pa 2 September chaka chomwecho mphepo inagubuduza ngalawa yake, namira, naikidwa ku Nkhotakota. Sitima yotchedwa dzina lake inayamba ntchito mu 1901, ndipo inali tchalitchi, sukulu ndi chipatala pamodzi. Ndiponso ndi chifukwa cha Mishoniyi kuti, pamene Angerezi ndi Apwitikizi anagawana malire mu 1891, Likoma ndi Chizumulu zinatsalira mbali yathu, ndipo kufikira lero zili za Malawi.

Tinakwera mtunda kunka ku Chipyela, kumene kuli Kachisi wa Petro Woyera. Dzina la malowa likumbutsa za moto, pakuti kale anthu onenedwa ufiti anali kutenthedwa pamenepo. Mwala wa maziko unaikidwa mu 1903 ndi Bishopu Gerard Trower. Mmisiri wolemba mamangidwe ake anali Frank George. Nyumbayo inatsegulidwa mu 1905, nipatulidwa mu 1911. Utali wake ufika pafupi mamita 100. M'katimo muli mtanda wosemedwa ku mtengo wa kwa Chitambo, ku Zambia, umene patsinde pake panakwiriridwa mtima wa Livingstone. Tinaima chete nthawi yaitali. Koma mmodzi wa akulu athu, atasisita khoma ndi dzanja, anati, "Nanga amene ananyamula miyala iyi, maina awo ali kuti?" Ndipo panalibe wakumyankha. Amuna anaswa matanthwe, akazi anasenza pamutu, opalasa anaolotsa mitengo kuchokera kutsidya. Ochuluka a iwo mabuku sawatchula.

Ena owerengeka tiwadziwa. Augustine Ambali, amene anaomboledwa mu ukapolo ali mnyamata, anagwira ntchito zaka zambiri ku Msumba. Yohana Abdallah, mwana wa mfumu ya Chiyao, anakhala wansembe mu 1898, natumikira ku Unangu. Leonard Kamungu wa ku Chia anatumidwa kutali ku Msoro, m'dziko limene tsopano ndi Zambia, namwalira komweko mu 1913. Johnson mwini anagona ku Liuli mu 1928. Taonani, manda a antchito awa ali balala m'maiko osiyanasiyana. Pakuti ntchito ya Likoma inali kutumiza anthu. Pambuyo pawo ana a pachilumbapo, popeza sukulu inawafika msanga ndipo nthaka sinathe kuwadyetsa onse, anabalalika kunka ku Zomba, ku Blantyre, ku Harare ndi ku Joni, akugwira uphunzitsi, ukalaliki ndi umisiri. Ndipo zidzukulu zawo zina tikhala nazo m'Kawale ndi mu Area 25 muno.

Pobwera, mwera unatiomba, ndipo ambiri a ife tinagona pansi osafuna chakudya. Pamenepo tinazindikira pang'ono chimene anapirira iwo oyenda pa nyanjayi m'tingalawa ta matanga.

Tsono inu aphunzitsi ndi akatekisiti, pempho lathu ndi ili. Mpingo wathu nawonso uli ndi osenza miyala ake: amayi amene anatunga madzi oumbira njerwa, ndi abambo amene anayamba mapemphero pansi pa mtengo atatuluka ku ntchito. Ena a iwo akali moyo, koma akalamba. Mupite kwa iwo chaka chino chisanathe, mukhale pansi, muwafunse bwino, ndipo mulembe maina awo ndi midzi yawo m'buku la mpingo, kuti ana athu akadzafunsa monga anafunsa mkulu uja pa Chipyela, padzakhale wowayankha.