Aneni omatira matiresi opopa tisawataye

Matiresi opopa ndi timaiwe ta pulasitiki tosambiramo ana zalowa m'nyumba zambiri za m'tauni, ndipo zalowa ndi mayina ake. Mayinawo sindilimbana nawo. Matiresi, pampu, vavu, guluu, pulasitiki, onsewa ndi mawu obwereka amene anakhazikika kale, amamvera agwirizanitsi athu, ndipo ngakhale agogo kumudzi amawamva. Chimene chimandiwawa ndi aneni. Munthu akanena kuti "matiresi anga akupanga liki, ndikufuna kupanga ripeya," wataya aneni ambiri amene Chichewa chinali nawo kale pulasitiki asanabwere, n'kuika "kupanga" m'malo mwa onsewo. Ena amapewa Chingerezi koma amathawira ku "awonongeka" ndi "ndiwakonza," mawu otakata kwambiri moti womva sadziwa chimene chavuta, sadziwanso chimene chichitike. Pantchito yomata, mneni wolakwika amatumiza munthu kusitolo kukagula chinthu cholakwika.

Mneni woyamba kumuteteza ndi kuphwa. Tayala limaphwa, chotupa chimaphwa, madzi a m'dambo amaphwa chilimwe chikafika. Mawu amodzi omwewa akukwanira matiresi amene afewa ndiponso kadziwe kamene madzi ake atsika. Ubwino wake ndi wakuti amangonena zimene maso aona, osaweruza chifukwa chake. Zimenezi n'zofunika, pakuti si zonse zophwa zimene zabooka. Mpweya ukazizira umachepa malo. Matiresi opopedwa masana kukutentha madigiri 30, usiku kukazizira kufika pa 15, mpweya wake umachepa ndi magawo pafupifupi 5 pa 100 alionse, ndipo wogonapo amamva kuti afewa. Matiresi atsopano nawonso amatamuka masiku oyambirira, chifukwa pulasitiki wake akuzolowera kulemera kwa munthu. Kadziwe kosiyidwa padzuwa mwezi wa Okutobala kamatsika madzi popanda bowo lililonse. Wofuna kutsimikiza aike ndowa ya madzi pambali pake, alembe chizindikiro pamene madzi alekezera m'ndowamo ndi m'kadziwemo, mawa lake ayerekeze. Zikatsika mofanana, ndi dzuwa ndi mphepo. Choncho munthu wolankhula bwino amayamba ndi "aphwa," ndipo amafika pa "abooka" pokhapokha ataliona bowolo. Amene ayamba ndi "liki" waweruza kale mlandu asanaumve.

Kuliona bowolo ndiye ntchito. Mumapopa matiresi mpaka alimbe, n'kusungunula sopo m'kambale, n'kumapaka thovu lake ndi kansanza pang'onopang'ono, kuyambira pavavu, chifukwa nthawi zambiri vuto limakhala pamenepo. Kenako m'mphepete monse, kenako pansi pamene pamakhudza simenti. Pamalo pabwino thovu limangokhala phee n'kuyamba kuuma. Pamene pali bowo, kathovu kamodzi kamakula, kamaphulika, kena n'kumera pomwepo, kenanso. Mukayandikitsa tsaya lonyowa mumamva kampweya kozizira. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo bowo la minga kapena la singano limakhala laling'ono kuposa maso a nkhonowo. Mukalipeza, lizungulizeni ndi cholembera nthawi yomweyo, pakuti mukapukuta thovu limasowanso.

Tsopano mwaliona. Mulitchula bwanji? Apa Chichewa chili ndi mawu anayi amene sayenera kusakanizidwa. Kubooka ndi pamene chinthu chosongoka chalowa n'kusiya bowo. Kung'ambika ndi pamene chilonda chili chachitali, chokhala ndi milomo iwiri imene imatha kupitirira. Kumatuka ndi pamene zinthu ziwiri zimene zinagwirana zalekana. Kuphulika aliyense amakumva ndi makutu. Kusiyana kumeneku si kokometsera chilankhulo ayi, ndiko kumasankha mankhwala. Zomatira zamadzimadzi, zija zimangopakidwa popanda chigamba, zimathandiza pa kabowo kakang'ono ndi m'makona mmene chigamba sichingagone bwino. Pong'ambika pamafunika chigamba, chifukwa munthu akagona mpweya umakankha milomo ija n'kuitsegula, ndipo guluu yekha sangaigwire.

Kumatuka ndiko kovuta, ndipo ndi pamene ambiri amaphonya mawu. Ndimamva anthu akuti "yathothoka pamsoko." Koma matiresi opopa alibe msoko. Palibe singano kapena ulusi umene unadutsapo. Kufakitale amalumikiza zigawo za pulasitiki pozitenthetsa mpaka zisungunukirane, ndiye mawu oyandikira ndi kuwotcherera, omwe aja timanena za chitsulo. Ponena "powotcherera pamatuka," mwauza womva kuti asatenge singano. Mkati mwa matiresi mulinso timakoma kapena timizere tolumikiza pamwamba ndi pansi kuti akhale afulati. Kamodzi kakaduka, matiresi amatupa mbali imodzi ngakhale kuti mpweya sukutuluka. Amenewo sanabooke, sanaphwe, atupa, ndipo palibe guluu wa m'sitolo amene angafike mkatimo. Kuuza munthu zoona kuti atupa n'kumupulumutsira ndalama.

Pa kadziwe aneni amasintha, chifukwa chotuluka ndi madzi. Madzi amadontha akamagwa limodzilimodzi, amachucha akamayenderera pakhoma la kadziwe mosalekeza, amatayika akasefukira kapena ana akawakhavula. Mpweya sudontha, suchucha. Matiresi "akutuluka mpweya" kapena "akutha mpweya." Timaiwe tambiri tili ndi zonse ziwiri, mkombero wopopa pamwamba ndi madzi pansi, choncho mawu akuti "kadziwe kakudontha" ndi "mkombero waphwa" akunena matenda awiri osiyana. Mkombero ukaphwa khoma limagwa, madzi n'kutayika, pamene pansi palibe bowo. Kadziwe ka mamita 3 m'mimba mwake kamasunga malita oposa 3,000, ndiye kukhuthula madzi onsewo chifukwa chosamvana mawu n'kutaya ndalama ya bilu pachabe. Bowo la pansi pa madzi amalifufuza podonthezera utoto wa zakudya pafupi ndi pamene akukayikira, madzi ali bata. Utotowo umakokeka kulowera kubowo. Ndipo pali guluu wina wa pulasitiki wopangidwira kugwira m'madzi momwemo: mumapaka pachigamba, n'kuchipinda, n'kukachitambasulira pabowo penipeni.

Mneni wamkulu pantchito yonseyi ndi kumata, ndipo ali ndi mbali ziwiri zimene tiyenera kuzisunga. Timamata khoma ndi dothi, kutanthauza kutseka mipata ndi chinthu chofewa chimene chidzalimba. Timamatanso pepala pakhoma, kutanthauza kugwirizanitsa zinthu ziwiri. Chimene chimasiyanitsa ndi dzina lotsatira mneniyo. "Kumata bowo" ndi kulitseka ndi zomatira zokha. "Kumata chigamba pabowo" ndi ntchito ina. Chichewa sichinasowe mawu a zomatira zamadzimadzi, chinali nawo kuyambira pamene anthu anayamba kumata nkhokwe ndi mabwato.

Koma samalani ndi kuthira. Guluu sathira, amapaka, ndipo amapaka mopyapyala. Ndaonapo malangizo omasuliridwa akuti "thirani guluu pabowo," ndipo wowatsatira amaunjika chithaphwi chimene chimauma pamwamba mkati muli madzimadzi. Kuthira kuli ndi malo ake: pali zomatira zina zothira mkati kudzera pavavu. Zotchuka ndi zamtundu wa Slime, zimene zinayamba ku California mu 1989. Ndi madzi okhuthala okhala ndi tiulusi timene mpweya wothawa umakankhira pabowo mpaka litatsekeka. Zinapangidwira matayala, pamene kuzungulira kwa gudumu kumazifalitsa ponseponse. Matiresi sazungulira. Zothirazo zimangodikha pansi, bowo lili pamwamba, ndipo zimatha kutseka vavu. Zilipo zina zopangidwira zinthu zopopa za pulasitiki, koma nazonso zimafuna kuti mutembenuzetembenuze chinthucho mpaka mankhwala afike pabowo. Wogulitsa amene amadziwa kusiyanitsa "zopaka" ndi "zothira" amathandiza wogula ndi mawu awiri okha.

Dzina lakuti guluu ndalilandira, koma likubisa zinthu zosiyana kwambiri, ndipo apa ndi pamene tiyenera kuwonjezera mawu ofotokozera. Ena amafuna tizinena kuti ulimbo. Sindigwirizana nazo, chifukwa ntchito ya ulimbo ndi kusauma kuti mbalame ikodwe, pamene ife tikufuna chinthu chouma n'kulimba. Okonza njinga ali ndi dzina lawo, solushoni, ndipo amalidziwa bwino. Taonani mmisiri wa pamsika akamamata chubu: amachimiza m'beseni mpaka tithovu tioneke, amapukuta, amapala ndi sandipepa mpaka pachite mbuu, amapaka solushoni ndi chala, kenako amadikira. Samata chigamba solushoni ali wonyowa. Akaona kuti wasiya kunyezimira ndiye amagoneka chigamba n'kuchikhoma. Mukamufunsa amati, "Dikirani achimwene, agwire kaye." Luso lonse lili m'manja mwake, koma solushoni wake ndi wa labala. Chubu ndi labala, mbadwa ya njira yolimbitsa labala ndi sulufule imene Charles Goodyear analembetsa mu 1844. Matiresi ndi timaiwe zambiri ndi PVC, pulasitiki amene Waldo Semon wa kampani ya B.F. Goodrich anapeza njira yomufewetsera mu 1926. Solushoni sagwira bwino pa PVC, chigamba chimamatuka pakapita nthawi yochepa. Guluu wa PVC amagwira mwa njira ina: amafewetsa khungu la pulasitiki mbali zonse ziwiri kuti zisungunukirane. Ndiye pali supaguluu, amene Harry Coover anamutulukira mu 1942 ndipo anayamba kugulitsidwa mu 1958. Ameneyu amagwira msanga koma amauma gwaa, osapindika. Matiresi amapindika usiku wonse, ndipo pomwe pali supaguluu pamang'aluka, nthawi zina bowo n'kukula. Choncho tizinena kuti guluu wa labala, guluu wa pulasitiki wofewa, supaguluu. Kungoti "ndipatseni guluu" kuli ngati kufika kuchipatala n'kunena kuti "ndipatseni mankhwala."

Mmisiri uja ananena kuti "agwire." Sananene kuti "aume," ndipo anasankha bwino. Kuuma ndi za pamwamba, zimene chala chimamva pakapita mphindi zochepa. Kugwira ndi za mkati. Zomatira zamadzimadzi zambiri zamtundu wa polyurethane zimalimba pokoka chinyezi cha mumpweya, ndipo zimafuna maola 8 mpaka 12. Ena opanga guluu wa PVC amalangiza kudikira tsiku lathunthu musanapope molimba. Amene amva kuti "wauma" amathamangira pampu, ndipo mpweya umaboola guluu wosakhwimayo pamalo omwe aja. Mlendo akafika madzulo matiresi ali obooka, ndi bwino kumuyalira mphasa usiku umenewo kusiyana ndi kuwononga ntchito imene ikanakhala chaka.

Palinso kena kamene Chingerezi chosakanizacho chimatilanda, ndipo ndi ka ulemu. Aneni athuwa amayenda awiriawiri: kuboola ndi kubooka, kung'amba ndi kung'ambika, kumatula ndi kumatuka, kuphwetsa ndi kuphwa. Woyamba amaloza munthu, wachiwiri amangonena zimene zachitika. Matiresi opopa ndi katundu wobwerekana kwambiri, pamaliro, paukwati, alendo akachuluka. Mwini wake akawalandira ali ophwa n'kunena kuti "Alamu, matiresi aja abooka," wasiya khomo lotsegula kuti alamuwo anene okha kuti "Pepani, ana anaseweretsapo waya, ndigula guluu." Akanena kuti "mwaboola," mlandu wayamba. Nthawi zina "mwaboola" ndiye woyenera, pamene munthu wachita dala kapena mosasamala, ndipo Chichewa sichiletsa kunena choncho. Chimangotipatsa mpata wosankha, ndipo mwana amene wakula akumva "apanga liki" sadziwa kuti mpatawo ulipo.

Mawu onsewa sakusowa. Aneni ngati amenewa ndiwo amadzaza Mtanthauziramawu wa Chinyanja umene a Centre for Language Studies anatulutsa mu 2000, ndipo ali pakamwa pa okonza njinga, osoka nsapato ndi asodzi omata mabwato. Kumene akusowa ndi papepala la malangizo, pawailesi ndi pakauntala ya sitolo, chifukwa olemba ndi ogulitsa amayamba ndi chiganizo cha Chingerezi n'kumafunafuna mawu oti achivekere. Ndikanakonda womasulira aliyense asanalembe za kumata akakhale kaye ola limodzi pambali pa mmisiri wa njinga, akumvetsera. Akatero, malangizo a paketi ya zomatira angamveke chonchi:

Pezani bowo ndi thovu la sopo, mulizungulize ndi cholembera. Phwetsani matiresi. Ngati bowo lili pamwamba pa matiresi pamene pali ubweya, palani ubweyawo ndi sandipepa mpaka pulasitiki aonekere, koma osapyoza. Pukutani ndi sipiriti, mudikire paume. Kabowo kakang'ono kamateni ndi zomatira zokha, mupake mopyapyala kupitirira m'mbali mwake. Pong'ambika dulani chigamba chachikulu kuposa chilondacho, makona ake akhale ozungulira kuti asamatuke, mupake mbali zonse ziwiri, mugoneke, mutsindire ndi chinthu cholemera. Gwirirani ntchitoyi panja kapena mawindo ali otsegula, kutali ndi mbaula ndi kandulo, chifukwa fungo la guluuyu limapweteka mutu ndipo limayaka moto. Musapope mpaka mawa.