Mbale za ku China zinafika kale, TAZARA ikalibe

M'nyumba zambili ku Wusakile, Chamboli na Chifubu muli kabati ya magalasi, ndipo mkati mwake muli mbale zoyela za maluwa abuluu zimene amai salola kuti mwana adyelepo. Ziyembekezela alendo. Ise timaziseka kuti ni gonga ya pa Chisokone, koma kusunga mbale za ku China monga cuma kunayamba kalekale mu Africa muno.

Zenizeni zakale ni zodula mocititsa mantha. Mu 2014 ku Hong Kong, Liu Yiqian analipila madola 36 miliyoni pa kakapu ka m'nthawi ya mafumu a Ming, kojambulidwa nkhuku. Kakapu kokwana m'dzanja! Ziwiya zotele anali kuziumba ku Jingdezhen na dothi loyela la kaolin, n'kuziocha pa moto woposa madigili 1,200, mpaka zizilila monga belu ukazigogoda. Azungu anavutika kufuna cinsinsi cake mpaka ca m'ma 1708.

Apo n'kuti Aswahili atakhala nazo kwa zaka mahandiledi. M'mizinda ya kugombe la Kenya na Tanzania anali kumata mbale zimenezi pa zipupa za mizikiti na manda. Zina zinaloŵa kumtunda: zidutswa za mbale zobiliwila za ku China zinafukulidwa ku Great Zimbabwe. Sizinali mphatso ayi. Zinali kuyenda m'njila imodzi na golide na minyanga ya njovu.

Njila imeneyo inatikhudza na ise. Mu 1960, anchito okumba malo a thanki ya madzi pa Ingombe Ilede, pafupi na Siavonga, anapeza manda a anthu olemela. Munali mikanda ya golide, mikanda ya magalasi yocokela kutsidya la nyanja, na mitanda ya mkuwa imene inali kugwila nchito monga ndalama. Kwa ine, mitanda iyi ndiye iyenela kuticititsa cidwi kuposa kakapu ka Liu, cifukwa ionetsa zimene makolo anali kuika pa msika.

Tinazoloŵela kumva kuti migodi inayamba na Azungu, ndipo malonda na China anayamba na TAZARA kapena mgodi wa Chambishi mu 1998. Koma ku Kansanshi anthu anali kusungunula mkuwa zaka zoposa 1,000 zapitazo. Ndipo pamene William Collier anafika pa Bwana Mkubwa, pafupi na Ndola, mu 1902, anapeza maenje okumbidwa kale.