Kamtolo ka Mlendo ndi Katundu wa Mtengatenga

Mayi wa ku Ntengo-wa-Mbalame kapena ku Chidzolomondo akamapita kwawo kukagona masiku awiri kapena atatu ndi ana, zonse zimene watenga zimakwana m'chitenje chimodzi chomanga mfundo ziwiri. Mumakhala zosinthira za ana, matewera, kachidutswa ka sopo, kadi ya kusikelo yokulunga m'pepala la pulasitiki kuopa mvula, ndi kamba wa panjira: chimanga chokazinga, mtedza, mwina mbatata yootcha. Khanda lili kumbuyo, wamkulupo wanyamula kachigubu ka thobwa, ndipo bambo ngati ali nawo pa ulendowo apanira nkhuku m'khwapa. Wa m'tauni akaona amafulumira kunena kuti ndi umphawi. Ine ndikuti kamtolo kameneka kali ndi mbiri, ndipo mbiriyo ikuonetsa kuti kuno ku Tsangano ndi ku Macanga, m'chigawo cha Tete, katundu wolemera wa paulendo wakhala wa munthu wokakamizidwa, pomwe wopepuka ndi wa mfulu yodziwa kuti kumene ikupita akaiyalira mphasa.

Maulendo afupiafupi si achilendo pakati pa Achewa ndi Angoni a m'mapiri muno. Ukwati weniweniwo ndiwo umawabala. Pa chikamwini mwamuna amasiya mbumba yake n'kukakhala kwa mkazi, koma kwawo akadali malume woyenera kukaonekera pa maliro, pa chinkhoswe ndi pa mlandu wa mphwake. Pa chitengwa amene amachoka ndi mkazi, ndipo ana ayenera kukadziwa agogo awo akuchikazi. Choncho banja lililonse lili ndi midzi iwiri, ndipo njira ya pakati pake simera udzu. Mwambo unagawa ntchito momveka bwino. Wolandira amapereka moto, madzi osamba, nsima, mphasa ndi pogona. Ana a mlendo amalowa m'gulu la ana a pakhomo, kudyera mbale imodzi ndi kufunda chofunda chimodzi. Woyenda amatenga zokhazo zimene pakhomopo sangampatse, kuphatikiza kamphatso kakuti asafike chimanjamanja. Kufika kwa mlongo wako utasenza mphika, ufa ndi ndiwo zako ndi chipongwe, chifukwa ukumuuza kuti sangathe kukudyetsa, kapena ukuopa kuti akudyetsa zina. Ngakhale mbereko inatsata nzeru yomweyo. Kale inali ya chikopa kapena chiwondo, lero ndi chitenje, koma chinthu chimodzicho ndicho choberekera mwana, choyala pansi popuma, chofunditsa usiku, ndipo chikapindidwa chimasanduka nkhata.

Katundu wolemera ali ndi mbiri ina. M'zaka za m'ma 1800 dziko la Macanga, lomwe kale linali m'manja mwa mfumu Undi, linagwidwa ndi banja la a Pereira, ochokera ku Goa, amene anadzipangira ufumu wawo ndi asilikali awo. Chuma chawo chinali golide, minyanga ya njovu ndi anthu, ndipo zonsezi zinkatsikira ku Tete pamutu ndi pamapewa pa anthu ena. Ufumuwo utagwa mu 1902 boma la Apwitikizi silinachotse mtolowo, linangosintha dzina la woulamula. Kunabwera msonkho ndi ntchito yokakamiza ya chibalo, ndipo mzungu wa boma ankayendera midzi ali gone m'machila, amuna akusinthana mtengo paphewa. Kutsidya, ku Nyasaland, kunali amtengatenga osenza mitolo yoposa makilogalamu 20 kwa masiku ambiri. Munthu wokula akuona zimenezi sankasirira ulendo wa katundu wambiri. Mwini katundu wotero ankayenda manja lendelende, amene ankawerama ndi thukuta anali wopanda mawu.

Malire nawo anathandiza. Pangano la Angerezi ndi Apwitikizi la 1891 linadutsitsa mzere pamsana pa mapiri pomwe madzi amagawikana, n'kusiya Angoni a Maseko ndi Achewa mbali zonse ziwiri. Mpaka lero mseu wa pakati pa Dedza ndi Ntcheu m'malo ambiri ndiwo malire, ndipo maliro a mbali ino amaliridwa ndi anthu a mbali inayo. Mayi wa kamtolo ndi ana ake wodutsa m'kanjira ka m'munda amaoneka chimene ali, mlendo wopita kwa abale. Wa masaka ndi mabokosi amaoneka wamalonda kapena wosamuka, ndipo ndiye amafunsidwa mafunso.

Pali amene anganene kuti chizolowezi chimenechi chinabwera ndi nkhondo, kuti anthu anaphunzira kupepuka chifukwa chothawathawa. Maganizowa si opanda pake. Frelimo inatsegula nkhondo yolimbana ndi Apwitikizi m'chigawo cha Tete mu 1968, ndipo ufulu wa 1975 sunakhalitse mtendere. M'zaka za m'ma 1980 nkhondo ya pachiweniweni inakokolola midzi ya m'malire, Renamo ikugwira anthu kuti aisenzere katundu, ntchito imene inkadziwika kuti gandira, mdzukulu weniweni wa chibalo. Othawira ku Malawi anafika pafupifupi miliyoni imodzi asanabwerere pambuyo pa pangano la mtendere la ku Rome la pa 4 Okutobala 1992. Mu 2016 anthu enanso zikwi zambiri anawolokera ku Kapise, m'boma la Mwanza, kenaka n'kusamutsidwira ku Luwani. Koma mtolo wa wothawa ndi wa mlendo n'zosiyana. Wothawa akapeza mpata amasenza mphika, khasu, bulangete, amakoka mbuzi, chifukwa sakudziwa tsiku lobwerera. Akafika wopanda kanthu ndiye kuti zipolopolo zinamudzidzimutsa. Chimene nkhondo inachita ndi kuuyesa mwambo wakalewo. Ku Dedza ndi ku Ntcheu ambiri sanayambe ndi misasa ya boma, analowa m'midzi ya abale ndi ya mafumu amene ankawadziwa kale, m'njira zomwezo zimene ankayendamo popita ku maliro. Amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, koma mame amenewo anakhala zaka zingapo, ndipo si paliponse pamene eni mudzi anapirira mosadandaula minda ndi nkhuni zitayamba kuchepa.

Chotsutsa cholemera kwambiri n'chakuti kupepukaku n'kwa maso chabe, mtolo wangosunthira kwa wina. Pamenepa ndikuvomera theka. Mayi wobereka mwana wa zaka ziwiri kukwera zitunda za ku Tsangano sangavomere kuti akuyenda wopepuka, ndipo mlamu wake amene adzatunge madzi ndi kusinja za alendo asanu m'mwezi wa Febuluwale, nkhokwe ili mbee, amamva kulemera kwa mwambowo m'chiuno mwake. Ulemu wa amuna pa nkhani ya alendo nthawi zambiri umalipiridwa ndi msana wa akazi. Koma ngongoleyo imazungulira: wolandira lero ndiye mlendo mawa. Ndipo za umphawizo zimagwa tikayang'ana ulendo wobwerera. Anthu omwewo amene anapita ndi kamtolo amabwerako atasenza dengu la mbatata ya kachewere, nyemba, nzimbe, mwana aliyense ndi kake pamutu. Si anthu oopa kulemera kapena osowa chonyamula. Tsiku la msika amatsitsa masaka athunthu a mbatata ndi kabichi, ndipo alimi a fodya a ku Furancungo amadziwa kulemera kwa belo. Chimene amakana ndi kusenza popita zinthu zimene chibale chiyenera kupereka.

Zikusintha, inde, koma si zonse zimene zikukokera mbali imodzi. Njinga yamoto imene yalowa m'malo mwa miyendo imakweza bambo, mayi ndi ana awiri, osasiya malo a sutikesi, ndipo kondakitala wa minibasi ya chapa amalipiritsa chikwama chachikulu ngati munthu. Zimenezi zikusunga kamtolo. Zimene zikukakulitsa ndi zina: matewera otaya, botolo la madzi ogula chifukwa mwana wa ku Tete kapena ku Lilongwe amatsegula m'mimba ndi madzi a pachitsime, neti yoteteza udzudzu, chaja ya foni. Zina mwa izi n'zanzeru, ndipo palibe gogo amene angakwiye ndi neti. Koma mwana wa m'tauni akatsika galimoto ndi bulangete lake, kapu yake ndi phala lake la m'paketi, agogo amayang'ana katunduyo kaye asanayang'ane mdzukulu, n'kufunsa mwakachetechete ngati alendowo agona pakhomo pano kapena abwerera lero lomwe.