Sukulu ya Palichero Kwathu kwa Kabudula

Ansembe a White Fathers asanatsegule mishoni ya Nambuma m'zaka za m'ma 1920, ndiponso sileti isanadziwike m'midzi ya kumadzulo kwa Lilongwe, mwana wa Mchewa ankayamba kuphunzira ali chikhalire pamphasa, pambali pa lichero la agogo ake. Poti ukwati wathu ndi wa chikamwini, mwana ankakulira kuchikazi, ndipo ntchito yomutsegula mutu inkagwera amayi a mayi ake.

Ine ndinakulira kufupi ndi Nsaru, ndipo phunzirolo ndinalipeza likadali lamoyo. Akamaliza kupuntha nyemba, agogo ankapeta, mankhusu n'kuuluka. Zotsala zinali zathu: kuchotsa timiyala, kupatula nyemba zofumbwa, kuika nanyati payekha ndi nzama pazokha. Mwana wa zaka zitatu ankapatsidwa zosavuta, mwala apa nyemba apo. Wa zaka zisanu ndi chimodzi ankakhala pa mtedza, ndipo apa mpamene panali nzeru. Mtedza wa Chalimbana susankhidwa ndi maso okha. Pali wa mbewu, wokhwima ndi wosasupuka khungu, pali wokazinga, pali wosinja nsinjiro, pali wonyala ndi wachuku woyenera kutayidwa. Nanga njere yaikulu bwino koma yong'aluka pang'ono ipite mulu uti? Ukafunsa, agogo sankakuyankha. Ankangoti, "Iwe ukuona bwanji? Ukaidzala imera?" Unkaitembenuza, kuiyerekeza ndi inzake, n'kugamula wekha. Ukalakwa ankaitola mwakachetechete n'kuibwezera m'dzanja lako.

Kuseweranso kunkayenda momwemo. Ku masanje, tikakunkha zotsala m'minda pambuyo pa kukolola, panalibe wamkulu wotigawira: tinkaona tokha kuti chimanga ichi chikwana mabanja angati, chigoba chiti chikhale mphika, chivundikiro chake n'chiti. Atsikana osewera phada ankayamba ndi kusankha miyala yolingana kukula. Anyamata ankakumba maenje a bawo pansi pa mtengo, ndipo woyamba kumene ankauzidwa kuti aike njere zofanana m'dzenje lililonse masewera asanayambe.

Chimene chinasintha zinthu ndi fodya. M'zaka za m'ma 1920 mzungu wina, A. F. Barron wa ku esiteti ya Mbabzi, ndi mnzake Wallace anayamba kugawa mbewu ya fodya kwa alimi a m'midzi ya Lilongwe n'kumagula masamba ake. Mu 1926 boma la atsamunda linakhazikitsa Native Tobacco Board kuti liziyang'anira ulimiwo. Kuyambira pamenepo kusankha kunakhala ndi mtengo wake wa ndalama, chifukwa wogula ankalipira poona mtundu wa tsamba, kutalika kwake ndi kukhuthala kwake. Alimi ang'onoang'ono ataloledwa kulima fodya wa bale m'zaka za m'ma 1990, zigafa zinamera paliponse kuchokera ku Mpingu mpaka ku Namitete, ndipo banja lonse linkakhala m'chigafa kusankha masamba ndi kumanga ndindi kuti mabelo akafike bwino ku okushoni ya ku Kanengo.

Alipo amene amanena kuti kusankha fodya kunali kuphunzitsa ana ntchito, monga momwe zinalili ndi nyemba. Ine ndimakana. Palichero mwana akatopa ankanyamuka kukathamangitsa ziwala, osakalipiridwa, ndipo kulakwa kwake sikunkaluzitsa aliyense. M'chigafa munali fumbi lotsokomoletsa, munali kufulumizana, ndipo tsamba loikidwa pa mulu wolakwika linkatsitsa mtengo wa belo lonse. Mwana woopa kukalipiridwa saganiza, amangotsanzira. Lamulo la ntchito la mu 2000 linaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, ndipo mu Novembala 2019 dziko la America linayamba kugwira fodya wa ku Malawi pamadoko ake chifukwa cha nkhani ya kugwiritsa ntchito ana.

M'kupita kwa nthawi mbewu nazo zinasintha. Ku Chitedze, malo a kafukufuku wa zaulimi amene anakhazikitsidwa mu 1948, kunatuluka mitundu yatsopano monga mtedza wa CG7, ndipo mbewu ya chimanga inayamba kubwera m'mapaketi, yopakidwa kale mankhwala, yosayenera kugwiridwa ndi mwana. Zisononkho za mbewu zimene tinkathandiza kusankha kuti zikapachikidwe pa utsi kukhitchini zinachepa. Pulaimale itakhala yaulere mu 1994 ana anathamangira m'kalasi, chinthu chabwino ndithu, koma m'chipinda cha ana oposa zana mphunzitsi sangafunse aliyense kuti akuona bwanji.

Tsopano phunziro lija labwerera kudzera m'sukulu za mkombaphala, makamaka boma litatulutsa ndondomeko ya maphunziro a mmera mpoyamba mu 2003. Alezi, ambiri mwa iwo ongodzipereka, amaphunzitsidwa kupatsa ana zitsekerero za mabotolo, timitengo ndi miyala kuti aziunjika zofanana pamodzi. Zili bwino. Chimandidandaulitsa n'chakuti nthawi zambiri zimathera pa zofiira apa, zobiriwira apo, ana n'kuwomba m'manja. Funso lovuta lija, la njere yosadziwika mulu wake, palibe. Ndamvanso makomiti akudandaula kuti ana sangaphunzire chifukwa mabungwe sanabweretse zidole za pulasitiki, pamene nkhokwe ili pomwepo kuseri kwa nyumba.

Inu a komiti ndi inu alezi a kwa Kabudula, ku Nambuma ndi ku Namitete, mwezi wokumba mtedza pemphani mbale imodzi ya mbewu zosakaniza, zosathira mankhwala, ndipo muitane agogo a m'mudzimo adzakhale pamphasa ndi anawo. Ongoyamba kuyenda muwapatse zisononkho ndi zigoba zikuluzikulu, chifukwa nyemba amaika m'mphuno.